Batire ya Lachinayi

Lachinayi lililonse ndimakatenga batire pa Linthipe,
nkuimanga pakeliyala ndi mphira wa chubu chakale.
Imalemera ngati thumba la kachewere wonyowa.
Ndine mlonda wa pasukulu pano.
Sukulu yanga inathera Sitandade 4, chaka cha njala.

Ana a Fomu 3 amatseka mazenera ndi zitenje,
Mayi Chinkhota nkupachika nsalu ya pabedi pabolodi,
yoyera ndithu, koma ya chigamba pakona,
moti dzuwa likamatuluka mu kanema
limatuluka ndi chigamba.

Ine ndimaima pakhomo, chibonga m'khwapa,
ngati ndili pantchito.

Tsiku loyamba tinaona dontho la madzi a pachithaphwi
atalikulitsa mpaka kudzaza khoma.
Tizilombo taubweya tikupalasa, tikugundana,
kamodzi kanadziduka pakati nkukhala tiwiri,
popanda mzamba, popanda kulira.
Usiku umenewo ndinasuzumira m'kapu nthawi yaitali
ndisanamwe.

Kenaka phiri losanza moto.
Lekeleni anafunsa ngati la Dedza lingadzatero,
kalasi yonse nkucheukira zenera lotseka.
Tinaona mlatho ukumangidwa m'mphindi ziwiri,
amisiri akuyenda ngati linthumbu.
Tinaona zombo zodzaza anthu a unyolo m'khosi,
ndipo tsiku limenelo ngakhale Sitefano waphokoso uja
anatuluka osakankha mnzake.

Mtima wa munthu sindinaumalize.
Magazi atangolowa m'chipinda chachitatu
batire inafa.
Mpaka lero sindidziwa kumene amatulukira.

Chizungu cha mu kanema chimathamanga ngati minibasi yam'mawa.
Mayi amachiimitsa pasiteji iliyonse,
nkutsitsa mawu limodzilimodzi
kuti nafe a m'mbali mwa msewu tikwereko.

Mu Juni, chifunga chitameza Chongoni,
anationetsa phanga la kutsidya kwa nyanja zamchere:
ng'ombe zofiira pathanthwe, zikhatho za anthu akalekale,
bambo wachipewa akunong'ona ngati ali m'tchalitchi.
Pakamwa panga panatseguka pokha:
"Zoterezi zilipo kuseri kwa phiri ili."
Mitu yonse inatembenukira kukhomo.

Ndinkabisalapo mvula ndili mbusa wa mbuzi.
Mizere yofiira, timadontho, tizingelezi,
nyama zoyera zotambalala miyendo ngati chikopa choyanika.
Tinkaotcherapo mbewa.
Mwina utsi wathu unadetsako zina,
sitinkadziwa kuti tatsamira buku.

"Nanga zathuzo bwanji sizili mu kanema?"
Anali Lekeleni yemwe uja.
Mayi sanayankhe. Anangotulutsa foni yawo
yong'aluka galasi, nkuitembenuzatembenuza m'manja.

Loweruka tinakwera, ine patsogolo,
ana khumi ndi anayi, chinangwa chophika m'jumbo.
Ndinasochera kamodzi, njira yakale analimapo nyemba.
Titafika anandiimika pafupi ndi thanthwe
nkuti, "Agogo, yambani."
Sindine agogo a munthu, koma ndinayamba.

Kanema wathu amanjenjemera
chifukwa manja a Sitefano anali atauma ndi chisanu.
Mphepo inadya theka la mawu anga.
Chala cha wina chikuoneka m'mphepete mpaka kumapeto.

Lachinayi lotsatira batire inalemera chimodzimodzi.
Koma pansalu panatuluka nkhope yanga,
chigamba chija chili pakhutu,
chipewa changa chaubweya, mano anga otsala.
Mayi sanaimitse ngakhale kamodzi.
Panalibe mawu ofuna kutsitsa.

Atayatsa nyali, kamwana ka Fomu 1 kozembera
kanandifunsa kuti ofiirawo ankasakaniza ndi chiyani
kuti mvula ya zaka zonsezi iwalephere.
Ndinati sindidziwa.
Mayi anati, "Lembani funso limenelo, musalitaye."
Makope anatseguka, mapensulo anakanda.

Ine ndinadikira onse atuluke,
ndikukulunga mawaya pang'onopang'ono,
kenaka ndinati, "Mayi, moto ukadalipo pang'ono.
Tabwezani uja wa mtima.
Muyambire pa chipinda chachitatu."